Mamita Khumi ndi Awiri

Mzinda uno ulibe nyanja.
Uli ndi fumbi la Okutobala, minibasi zolimbirana anthu,
ndi maenje amene anasiya ophwanya miyala
kuseri kwa Misisi,
odzaza madzi obiriwira osaoneka pansi.

Koma ku Makeni, kumbuyo kwa sitolo ya matayala,
wina anakumba dziwe pansi pa denga la malata,
nalimata matailosi oyera,
nalemba manambala pakhoma, kutsika nawo:
atatu, asanu, khumi,
khumi ndi awiri.

Ine ndinabwera kudzakolopa.
Yanga inali ndowa, mopu,
ndi fungo la mankhwala a m'madzi
londitsatira mpaka m'basi ya ku Chawama.
Ndinkaona mabwana akubereka masilinda ngati makanda,
akulavulira m'magalasi a kumaso,
akuyenda chobwerera ndi mapazi a bakha.
Akamira, pamwamba pamatsala thovu lokha,
ine n'kuyang'ana kumbali.

A Njobvu, mphunzitsi, anandigwira ndikutero.
Anati, Tiyeseko, madziwa umawaopa
kapena unakangana nawo?
Ndinafinya mopu, osayankha.

Yotamu anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Anasiya masilipasi m'mphepete mwa dzenje,
atawaika bwinobwino moyandikana
ngati wolowa m'nyumba ya eni.
Abambo a m'komboni anafufuza ndi nsungwi,
ndi mbedza za waya, ndi mapemphero.
Masiku atatu.
Panalibe wodziwa kutsika.

Tinayamba Lachiwiri, makasitomala atapita.
Silinda ayi, anatero a Njobvu, yamba ndi chifuwa chako.
Pumira m'mimba, pang'onopang'ono.
Tsina mphuno, kankhira mpweya kumakutu mpaka atseguke.
Gwira chingwe, mutu pansi.
Chifuwa chikayamba kugogoda ngati wangongole,
usathamange kukatsegula:
n'chabodza, mpweya ukadalimo.

Tsiku loyamba ndinafika pa atatu,
ndinabwera ndikutsokomola, ndikutukwana.
Mwezi wathunthu pa asanu.
Makutu anandikana, kenaka anandilola.

Palibe anandiuza kuti kupitirira khumi
madzi amasiya kukukankhira kumwamba.
Amayamba kukulandira.
Umangogwa, osapalasa,
ngati tsamba limene latopa ndi mtengo.

Usiku umene ndinakhudza pansi,
magetsi anathima.
Jenereta isanadzuke,
ndinali ndekha ndi mdima, chikhatho pa tailosi lozizira,
mtima ukuwerenga mochedwa, gu... gu...
Ndinaganiza: kodi n'kuno, Yotamu?
Ndinkayesa kuti kuli phokoso, kukuwa, manja ouma.
Kunali zii.
Kunali chete woposa wa m'tchalitchi Lolemba m'mawa.
Sindikunena kuti sunavutike, mlongo wanga.
Ndikungoti ndafika.
Ndachedwa zaka khumi ndi zinayi, koma ndafika.

Kumwamba wina ankamenya makwerero ndi sipanala,
ngwe, ngwe, ngwe,
mawu achitsulo akutsika kudzanditenga.
Chingwe chinali m'dzanja langa lina.
Sindinachitaye.
Ndinakwera, khumi, asanu, osaona nambala,
ndikuzidziwa ndi makutu okha,
mpaka nkhope inang'amba madzi
n'kukumana ndi tochi ya foni ndi dzanja la a Njobvu.
Puma, anatero. Pumanso. Ndiwonetse chala.
Ndinawawonetsa.

Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Kafue.
Maenje adzadzazanso,
ana adzavulanso malaya dzuwa likaswa mtengo.
Nambala yanga ndaisiya kwa tcheyamani wa komboni,
pa kapepala kong'amba m'kope,
ndipo ndikupemphera kuti kanyowe, kafufutike,
asadzakafune konse.

Pakadali pano pansi pakufunika kukolopa,
madzi ndawatayira ponseponse.
M'mphepete mwa dziwe
masilipasi anga ali pomwe ndinawasiya,
moyandikana.

Ndikuwavala.